Chobzala pansi pa mango choti njuchi ndi agulugufe abwerere pakhomo

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba motere: "Pakhomo panga pali mitengo iwiri ya mango, ndipo pansi pake ndi dothi lokhalokha. Mu Okutobala ndi fumbi, mu Januwale ndi matope, moti madzi a padenga ayamba kukumba ngalande yolowera kumpanda. Kapinga ndabzala kawiri koma akukana. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba, koma maungu akumangoyoyoka akadali aang'ono, ndipo mnzanga akuti vuto ndi kusowa kwa njuchi. Kodi chilipo chomera cha konkuno choyanga pansi, chochita maluwa, chomwe ndingabzale? Komatu ndikuopa njoka, pakhomo pano pali adzukulu."

Chilipo mayi, ndipo ndikukhulupirira kuti munachipondapo kangapo m'mbali mwa njira osachilabadira. Akatswiri a zomera amachitcha Asystasia gangetica, ndipo mtundu wake wobadwira kuno ku Africa amauwonjezera dzina loti micrantha. Dzinalo lisakuopseni, ndalilemba kuti mukafuna chithunzi chake pa intaneti musasokere. Chomera chenichenicho n'chathuchathu. Chimamera chokha m'mphepete mwa mitsinje, m'malire mwa minda, kuseri kwa mipanda ya udzu ndi pansi pa mitengo pomwe chinyontho chimakhalitsa. Mukakathyola kanthambi n'kuwaonetsa agogo a kwanu, akuuzani dzina lomwe amachitchula m'dera lanulo, ndipo limenelo ndi lomwe muziwaphunzitsa adzukulu.

Kuchizindikira n'kosavuta mukachigwira m'manja. Tsinde lake mukaliyendetsa pakati pa zala mumva kuti si lobulungira, lili ndi ngodya zinayi. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, otambalala kutsinde, osongoka kunsonga. Maluwa ndi oyera, ooneka ngati kalipenga, aafupi kuposa kachala kakang'ono ka m'manja, ndipo onse amayang'ana mbali imodzi ya kaphesi kawo ngati ana a sukulu ali pamzere. Chizindikiro chachikulu chili pa mlomo wam'munsi wa duwalo: pali timadontho ndi timizere tapepo. Pamenepo ndi pomwe njuchi imatera, ndipo timizereto timailozera kukatikati komwe kuli timadzi totsekemera. Duwa likafota pamabwera kachipatso kooneka ngati kachibonga. Kakauma kamaphulika kokha n'kumwaza njere zake, zomwe sizipitirira zinayi. Ngati mukukayikabe, anthu a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, omwe likulu lawo lili ku Zomba ndipo ali ndi minda ya zomera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ntchito yawo ndi yomweyi yozindikira zomera. Apititsireni kanthambi kokhala ndi maluwa.

Ndakusankhirani chimenechi chifukwa cha mthunzi. Kapinga wanu sanakane chifukwa cha dzanja lanu ayi. Kapinga ndi udzu wa padzuwa, ndipo pansi pa mango angathe kuphuka sabata zingapo kenako n'kuyamba kuonda mpaka kutha. Asystasia yekha anazolowera kukhala pansi pa mitengo. Koma ndisakunamizeni, mthunzi wa mango wamkulu ndi wandiweyani zedi, ndipo pafupi ndi thunthu penipeni ngakhale iyeyu amachita ulesi, maluwa amatulutsa apo ndi apo. Malo ake abwino ndi m'mphepete mwa mthunzi, pomwe dzuwa la m'mawa kapena la madzulo limalowa cham'mbali. Dulirani nthambi za m'munsi zomwe zikulendewera kuti kuwala kuzilowa, ndipo kuzungulira thunthu siyani malo a mita imodzi ongophimbira ndi masamba ouma. Malo amenewo akuthandizaninso potola mango akamagwa.

Tsopano za tsache. Sindinyoza mwambo wosesa pabwalo. Amayi athu ankasesa mbandakucha pa zifukwa zomveka: pabwalo pa mbee umaona mkukuluzi wa njoka yomwe yadutsa usiku, umaona linthumbu lisanalowe m'nyumba, ndipo moto wa tchire sufika pakhonde. Koma tsache limanyamula kadothi kapamwamba tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, ndipo kadothi kameneko ndi kamene kali ndi chonde. Taonani mizu ya mango anuwo ngati sinayambe kuonekera pamtunda, taonaninso maziko a nyumba ngati sanatsale m'mwamba. Chotsala ndi katondo wouma gwa, woti madzi salowa. Ndiye muwerengere madzi omwe amagwapo. Ku Lilongwe mvula imagwa mamilimita pakati pa 800 ndi 900 pa chaka, yambiri mwa iyo m'miyezi ya Disembala mpaka Malichi. Milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi limakhuthula malita oposa 80,000 pa chaka, madiramu 400 a malita 200. Madzi onsewo akutsikira pa dothi lopanda chovala. Ngalande yanuyo yachokera pamenepo.

N'chifukwa chake musanabzale kanthu, yambani mwaweta madziwo. Palibe chomera chanthete chomwe chingapirire mathithi a padenga. Pomwe madzi a malata amagwera yalanipo miyala kapena zidutswa za njerwa kuti mphamvu yake ithere pamenepo. M'ngalande yomwe yakumbikayo ikani timizere ta miyala topingasa, motalikirana mita imodzi kapena iwiri, kuti madzi azipuma n'kusiya dothi lomwe anyamula. Kuseri kwa timizere timeneti ndi komwe mbewu yanu idzagwire msanga kuposa pena paliponse.

Nthaka musaigalauze mozama, mungadule mizu ya mango. Ingoswani chikhakha chapamwamba ndi khasu, kuzama kwa chikhatho basi, n'kusakanizamo manyowa owolerana bwino, ndowa imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Feteleza wa m'thumba musataye naye ndalama. Amangochulukitsa masamba, maluwa n'kuchepa.

Mbewu yake musagule. Mvula ikakhazikika, osati chizimalupsa koma ija yoti nthaka yanyowa mpaka pansi, cha pakati pa Disembala, pitani m'mawa ndi mpeni ndi thumba lonyowetsa komwe mwachiona. Pemphani kwa mwini malo, ndipo m'nkhalango zotetezedwa musakatengemo. Musazule chitsa chonse. Dulani zingwe za nsonga zotalika masentimita 15 kapena 20, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Mukayang'anitsitsa muona kuti pomwe mfundo inagunda pansi, timizu toyera tinayamba kale kutuluka. Zimenezo ndiye zabwino koposa. Kabzalidwe kake ndi komwe mukukadziwa kale, ka kholowa wa mbatata: chotsani masamba a m'munsi, goneketsani chingwecho mopendeka, kwirirani mfundo ziwiri, nsonga itsale kunja, tsenderani ndi chikhatho. Bzalani tsiku lomwelo, madzulo kapena kukakhala mitambo. Talikitsani masentimita 30 ngati mukufuna pafundike msanga, ndipo pamenepo mufunika zingwe 11 pa mita imodzi mbali zonse. Mukatalikitsa masentimita 40 zikwana 6, kungoti mudikira kanthawi. Ine ndimalangiza kuyamba ndi kachigawo kakang'ono, kotalika ngati mphasa ziwiri. Pofika Febuluwale kachigawo komweko kakupatsani mbewu yokwanira bwalo lonse, ndipo mukhala mutaona kale khalidwe lake pakhomo panu.

Pakati pa zingwezo phimbirani ndi masamba a mango omwe mwakhala mukutentha aja. Amawola mochedwa, choncho aphwanyeni kaye ndi manja kapena kuwaponda akauma. Chiswe chikabwera kudzadya zophimbirazo musachite mantha, chikugwira ntchito yobowola katondo kuti madzi azilowa. Chongofunika n'chakuti zophimbira zisagunde khoma la nyumba kapena mitengo ya khonde.

Mdani wamkulu m'sabata zoyamba ndi nkhuku. Zikaona dothi lofewa ndi manyowa zimapalasa zonse tsiku limodzi. Yalani nthambi za minga pamwamba mpaka mbewu itagwira. Mbuzi nazo zimachikonda chomerachi, moti m'maiko ena amachita kumwetera ziweto. Kukachita ng'amba, thirirani ndi keni masiku awiri kapena atatu alionse. Pakatha sabata ziwiri kokani pang'ono nsonga imodzi. Ikakana, ndiye kuti mizu yagwira. Zulani udzu ndi manja mwezi woyamba ndi wachiwiri, khasu lingadule zingwe zomwe zikuyanga. Mukatsina nsonga zomwe zathamanga kwambiri, chimaphukira m'mbali n'kuyala ngati mkeka. Mvula ikamagwa bwino, miyezi iwiri kapena itatu dothi silionekanso.

Pali chomera china chomwe ambiri akuuzani kuti mubzale, ndipo ndikukupemphani kuti muchikane. Chimayanga pansi, masamba ake ndi obiriwira monyezimira, okhakhala, a mano m'mbali, ndipo maluwa ake ndi achikasu ngati timpendadzuwa ting'onoting'ono. Mumachiona m'mabwalo a maofesi ndi malo ogona alendo. Dzina lake ndi Sphagneticola trilobata, ena amati Wedelia, ndipo kwawo ndi ku Central America ndi madera oyandikana nako. Chili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri padziko zikalowa m'dera lachilendo. Ine ndinachibzalapo zaka zapitazo nditagula m'machubu m'mbali mwa msewu, ndipo ndinavutika nacho nyengo zitatu za dzinja. Kachidutswa kalikonse kotsala m'dothi kamaphukanso, ndipo zinyalala zake mukakataya kudambo zimakapha zomera za kumeneko. Tonse tikudziwa zomwe namasupuni wachita mu mtsinje wa Shire. Nayenso ndi wachilendo, kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake.

Asystasia nayenso ndi wamphamvu, ndipo zimenezi muyenera kuzidziwa. Ku Malaysia ndi ku Indonesia amalimbana naye m'minda ya kanjedza wa mafuta, ndipo ku Australia boma limamuwerengera m'gulu la zomera zoyenera kuthetsedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ndi kwawo. Kuno kuli mbozi zomwe zimamudya, ziweto zomwe zimamubudula ndi chilimwe cha miyezi isanu ndi umodzi chomwe chimamubweza m'mbuyo. Komabe pakhomo muikireni malire. Mzere wa njerwa kapena kanjira kosesa kamukwanira. Akayamba kukwera pa maluwa ena kapena pampanda, chifukwa akapeza chotsamira amakwera mpaka kufika m'chiuno, mudulireni. Timbande tomera m'dimba la ndiwo kuchokera ku njere zouluka zija timazuka mosavuta tikadali tating'ono. Mukapeza m'nazale wina wofanana naye koma wa maluwa akuluakulu apepo kapena achikasu chotuwa, ameneyo ndi m'bale wake wa ku India. Musiyeni, funani wathu wa maluwa oyera aang'ono.

Tibwere ku maungu, chifukwa ndikuona kuti ndi pomwe mtima wanu uli. Mnzanuyo akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma tiyeni titsimikize. Dzungu limachita maluwa a mitundu iwiri pa chingwe chimodzi. Lachimuna lili pa kaphesi kakatali kowonda. Lachikazi lili pafupi ndi chingwe, ndipo pansi pake pamakhala kale kadzungu kakang'ono ngati nsawawa yaikulu. Duwa lililonse limatseguka m'mawa umodzi wokha, dzuwa likamafika pamutu latseka, basi mwayi wake wapita. M'maola ochepa amenewo mungu uyenera kuchoka m'duwa lachimuna n'kukafika m'lachikazi. Mungu wa dzungu ndi wolemera komanso womata, mphepo siunyamula monga imachitira ndi wa chimanga. Pamafunika njuchi, ndipo osati ulendo umodzi, koma maulendo angapo. Zikapanda kubwera, kadzungu kaja kamasanduka kachikasu, kufota, n'kugwa.

Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: chiluwe mumathyola nthawi yanji? Ambiri timathyola m'mamawa, maluwa ali chitsegukire, pothyola nkhwani. Tikatero tachotsa maluwa achimuna njuchi zisanagwire ntchito. Dikirani mpaka cha m'ma 10 koloko, kapena siyani atatu kapena anayi tsiku lililonse. Nkhwaninso musathyole mopyola muyeso pa chingwe chomwe mukufuna chibereke, chifukwa masamba ndiwo amadyetsa dzungulo.

Chinanso, tengani kadzungu kamodzi komwe kagwa mukang'ambe ndi mpeni. Mukapeza kabala kakang'ono pakhungu, mkati mowola muli timphutsi toyera, ndiye kuti si njuchi ayi, ndi ntchentche yoboola zipatso, ya m'banja limodzi ndi zija zimawononga mango. Zikatero tolani zogwa zonse, mango ndi maungu omwe, muzimange m'pulasitiki wakuda n'kuika padzuwa masiku angapo, kapena muzikwirire mozama. Mango ogwera m'kati mwa asystasia musawasiye kuti awolere momwemo. Mukapeza mkati mwa kadzungu muli bwinobwino koma kangofota, pamenepo ndiye mungu unasowa. Pomwe mukudikira kuti njuchi zichuluke, gwirani ntchitoyo nokha. Isanakwane 9 koloko m'mawa thyolani duwa lachimuna, chotsani masamba ake achikasu kutsale kamtengo ka pakati kodzaza ufa, ndipo kakhudzitseni mofatsa pa timitu ta pakati pa duwa lachikazi. Pakatha masiku atatu kapena anayi muona kadzungu kakunenepa. Adzukulu anu aphunzitseni, ntchito imeneyi ana amaikonda.

Asystasia sabereketsa maungu mwa iye yekha. Chomwe amachita ndi kusunga njuchi pakhomo panu. Maungu amachita maluwa sabata zowerengeka, mango amachita cha mu Julayi mpaka Sepitembala, koma njuchi imafuna kudya tsiku lililonse. Pakhomo pomwe pali chakudya cha miyezi yambiri ndi pomwe imazolowera, ndipo maungu akatsegula imakhala ili pafupi. Mu 2016 bungwe la IPBES, lomwe limasonkhanitsa akatswiri a zachilengedwe a maiko ambiri, linanena kuti pa mitundu 4 iliyonse ya mbewu zikuluzikulu za chakudya padziko, 3 zimapindula ndi tizilombo ndi nyama zonyamula mungu. Chimanga sichili m'gulu limenelo, mtedza nawo umadzibereketsa wokha. Koma maungu, nkhaka, mavwende, mpendadzuwa, mapeyala, mango ndi magalagadeya ali momwemo. Kunena kwina, nsima ingapezeke popanda njuchi, koma ndiwo ndi zipatso zambiri zingachepe.

Tikati njuchi, ambiri timaganiza za zija za mumng'oma. Padziko pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yambiri siipanga uchi, siikhala m'chigulu, ilibe mfumukazi yoti iziteteza, choncho siivutitsa munthu. Khalani pampando m'mawa wina pafupi ndi asystasia akachita maluwa. Muona ina yonenepa, ya mizere yoyera kapena yobiriwira kumimba, youluka mothamanga n'kuima m'malere kutsogolo kwa duwa isanalowetse lilime lake lalitali. Muona tina tating'ono ngati nyerere zamapiko. Mukapeza masamba ena pakhomo atabooledwa m'mbali mobulungira bwino ngati ndi sizasi, imeneyo ndi njuchi yodula masamba, ikukayalira ana ake. Bemberezi, uja wamkulu wobowola mitengo ya denga, ndiye mwini maluwa a magalagadeya, chifukwa thupi lake ndi lomwe limakwanira kukhudza mbali zonse za duwalo. M'malo momupha, muikireni chipika chouma chofewa kumpanda kuti asiye phaso lanu.

Apa ndiye pali chinthu chomwe ambiri amalakwitsa akakonda zoyanga pansi: amafundika bwalo lonse. Njuchi zambiri zokhala pazokha zimakumba timauna m'dothi, ndipo zimafuna dothi lowonekera, louma, la padzuwa. Njuchi ya uchi imatha kuuluka makilomita 2 kapena 3 kukafuna chakudya, koma tating'onoti sitipita patali, mamita mazana ochepa basi, choncho nyumba ndi chakudya ziyenera kuyandikana. Siyani kachigawo kena kopanda chomera, kosathirira, kosalima, makamaka m'munsi mwa mpanda komwe dzuwa la m'mawa limawomba. Mukaonapo timabowo ngati toboola ndi pensulo, tili ndi kamulu ka dothi pakhomo pake, uzani wosesa kuti tsache lizilambalala pamenepo.

Agulugufe ndiye mudzawaona msanga kuposa njuchi. Asystasia ndi chakudya cha ana a agulugufe angapo a kuno. Pali wakuda wa dontho lalikulu la buluu pa phiko lililonse lakumbuyo, Junonia oenone, ndi mnzake wachikasu ndi zakuda, Junonia hierta. Onsewa amakonda kutera pa dothi n'kutambasula mapiko kuwothera dzuwa, chifukwa chinanso chosiyira malo owonekera. Palinso Hypolimnas misippus, yemwe wamwamuna ndi wakuda wa madontho oyera ozunguliridwa ndi pepo wonyezimira, pomwe wamkazi ndi wofiirira, wosiyana naye kotheratu moti mungayese mitundu iwiri. Wamkaziyo amafanana ndi gulugufe wina wowawa yemwe mbalame zimamupewa, ndipo amapulumukira pomwepo. Tsono kuti agulugufewa akhalepo, mbozi zawo ziyenera kudya. Mudzapeza masamba obooka ndi timbozi takuda taminga. Musatiphe. Timeneti si tomwe timadya kabichi kapena chimanga chanu, ndipo chomerachi chimaphukira msanga kuposa momwe tingadyere.

Zonsezi zingathe ndi kupopera kumodzi. Mankhwala monga cypermethrin ndi dimethoate, omwe ali ponseponse m'misika yathu, amapha njuchi ngakhale pang'ono pokha. Pa asystasia musapopere chilichonse, palibe chifukwa. Kudimba la ndiwo, nsabwe za m'masamba zikavuta, yambani ndi madzi a sopo kapena a masamba a nimu. Ngati mwakakamizika kugwiritsa ntchito a m'botolo, poperani dzuwa litalowa, kopanda mphepo, ndipo osati pa mbewu yomwe ili ndi maluwa.

Za njoka sindikuuzani kuti musaope, chifukwa mantha anu ndi oyenera. Mphiri imabisala m'masamba ndipo siithawa munthu akamayandikira. Koma njoka imabwera pakhomo potsata zinthu ziwiri, chakudya ndi pobisala. Chakudya chake ndi makoswe, achule ndi anapiye. Pobisala pake penipeni ndi mulu wa njerwa, malata akale, nkhuni zounjika pansi ndi dzala la zinyalala. Zimenezo zikakhalapo, njoka ibwera ngakhale bwalo likhale losesa mbee. Choncho chotsani miluyo, nkhuni muziike pa thandala. Kuzungulira nyumba siyani mpata wa mamita awiri wosesa monga mwa masiku onse, chimodzimodzi njira ya kuchimbudzi, kubafa ndi kukhitchini, yotakata moti anthu awiri n'kudutsana. Pomwe ana amasewera pakhale posesa. Asystasia akhale m'zigawo zake zodziwika, ndipo muzimutchetcha ndi chikwakwa asapitirire masentimita 15 kapena 20, kungopitirira pang'ono kakolo. Tchetchani chigawo chimodzi, china mudzatchetche pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, kuti maluwa asathe onse nthawi imodzi. Ana auzeni kuti mango ogwera m'masamba amayamba awakokera kunja ndi ndodo, osapisamo dzanja, ndipo usiku aziyenda ndi tochi ndi nsapato. Malamulo amenewa ndi omwe ndimatsata pakhomo panga.

Udzudzu suswana m'masamba, umaswana m'madzi odikha, ndipo bwalo lofundikidwa limamwa madzi omwe akanadikha m'zithaphwi. Waukulu umatha kupuma m'zomera zowirira masana, chifukwa chinanso chotchetchera ndi kusiya mpata kuzungulira nyumba. Neti yokha musasiye. M'chilimwe njuchi zimafuna madzi, ndipo mukapanda kuzipatsa zimadzaza pampopi. Ikani phale kapena mbale yosazama pamthunzi kutali ndi khomo, muikemo timiyala toti ziziterapo, ndipo muzikhuthula ndi kutsuka masiku awiri kapena atatu alionse. Udzudzu umafuna sabata kapena kuposerapo kuti dzira lisanduke wouluka, choncho sungapezepo mpata.

Mvula ikatha, cha mu Juni, asystasia wosathirira amayamba kuchepa, ndipo pofika Okutobala mungaganize kuti wafa. Musamuzule ndipo musatenthe. Zitsa zambiri zimaphukanso, njere zomwe zinagwa zimamera ndi mvula yoyamba, ndipo ngakhale zouma zakezo zimagwira fumbi lija mukudandaula nalo. Ngati mukufuna chigawo china chikhale chobiriwira chaka chonse, madzi otsukuluzira mbale ndi zovala akwanira, bola asakhale a mankhwala oyeretsera zovala kapena a mchere. Ndowa ziwiri kawiri pa sabata pa malo a mphasa imodzi, ndipo pamenepo maluwa sadzasowa.

Pa malo a dzuwa lokhalokha, monga m'mbali mwa kadimba kanu, ndingakonde muwonjezere zina zomwe mukuzidziwa kale ngati ndiwo. Chewe amayala nthambi zake pansi, amakonda dothi la mchenga, ndipo maluwa ake otuwira mofiirira njuchi zimalowamo thupi lonse. Luni musamathyole yense, mitengo ingapo izifika pochita maluwa. Mpungabwe ukachita maluwa njuchi sizichokapo tsiku lonse. Miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe maluwa ambiri atha, aloe wa m'mapiri mwathu, monga Aloe chabaudii yemwe amaphukira ana m'mbali n'kudzaza malo, amatulutsa maluwa ofiira odzaza timadzi, ndipo timbalame ta milomo yaitali timabwera limodzi ndi njuchi. Pemphani ana ake kwa mnansi yemwe ali naye kale, osakazula kuphiri. Khovani yekha, ngakhale duwa lake la buluu ndi lokongola ndipo njuchi zimaterapo m'mawa, musamuyandikize kudimba. Amaberekanso njere pansi pa dothi, ndipo mukamuzula n'kumusiya pamzere amagwiranso.

Ngati mvula isanayambe, ntchito ya mwezi uno ndi ya miyala pansi pa malata, kudulira nthambi za mango ndi kuunjika masamba m'malo mowatentha. Poyenda muziyang'ana m'malo a chinyontho, m'mbali mwa ngalande ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Lingadzi ndi Lilongwe, komwe chomerachi chimatha kukhala ndi maluwa ngakhale kwina kutauma. Mukachipeza, gwirani tsinde mumve ngodya zinayi zija, suzumirani m'duwa muone timadontho tapepo, ndipo malowo muwasunge m'mutu kuti mudzabwereko ndi mpeni mu Disembala.